Tagi ya RFID imangonena nambala yake, zina zonse n'zanu

Ogulitsa zipangizo za chitetezo akamazungulira maofesi a ku City Centre ndi nyumba zosungiramo katundu ku Kanengo, mawu amene amakopa mabwana msanga ndi akuti mukamata matagi a RFID (timasitika towerengedwa ndi mafunde a wailesi) pa katundu n'kupatsa antchito makhadi, muzidziwa komwe kuli chinthu chilichonse ndi munthu aliyense nthawi ina iliyonse. Mawuwo ndi oona theka. Tagi wamba ilibe batire, ilibe GPS, ndipo siidziwa komwe ili. M'kati mwake muli kachipu kakang'ono ndi eriyo yopyapyala ya aluminiyamu kapena kopa. Imakhala chete mpaka itafika pafupi ndi reader, makina amene amatulutsa mafunde a wailesi. Mafundewo ndi amene amaipatsa mphamvu, iyo n'kuyankha ndi nambala yake, basi. Pakompyuta pamalembedwa zinthu zitatu: nambala yakuti, pa reader yakuti, nthawi yakuti. Reader ili ngati aphunzitsi oitana mayina m'mawa: woyankha kuti alipo amachongedwa ngakhale wayankhira mnzake, ndipo amene wakhala chete sadziwika ngati wajomba kapena sanamve. Zoti nambalayo ndi ya laputopu ya ku akaunti, kapena kuti wanyamula khadi ndi mwini wakedi, makina amangokhulupirira zomwe munthu analemba m'kaundula.

Funso loyamba kwa wogulitsa likhale la mafunde, chifukwa tagi ndi reader za mafunde osiyana sizimvana. A 125 kHz ndi makhadi oyera okhuthala aja ndi timatagi ta pa makiyi totsegulira mageti. Amawerengeka pa masentimita osapitirira 10 ndipo chinyezi sichiwavuta kwenikweni, n'chifukwa chake abale awo a 134.2 kHz amaikidwa m'makutu a ng'ombe. A 13.56 MHz ndi amene ali m'makhadi a kubanki ongogunditsa pa makina, m'mapasipoti a chipu ndi m'mafoni okhala ndi NFC, njira yongogunditsa foni pa makina. Nawonso ndi apafupi. Ndiye pali a UHF, a pakati pa 860 ndi 960 MHz, masitika otchipa amene amawerengeka pa mamita 3 mpaka 10 zinthu zikakhala bwino, mazanamazana m'kanthawi kochepa, katoni isanatsegulidwe. A katundu ndi amenewa. Okhala ndi batire ndi nkhani ina, tiwapeza kutsogoloku.

Pa UHF pali dzenje limene oitanitsa okha pa intaneti amagweramo kawirikawiri. Reader imapangidwa motsatira dera: za ku America zimaulutsa pa 902 mpaka 928 MHz, za ku Ulaya pa 865 mpaka 868 MHz. Dziko lathu lili m'chigawo choyamba cha bungwe la ITU, logawa mafunde a wailesi pa dziko lonse, pamodzi ndi Ulaya, ndipo m'chigawo chimenechi mafunde a 880 mpaka 915 MHz ndi amene mafoni a GSM amalankhulira ndi nsanja zawo. Reader ya ku America mukaiyatsa pa mphamvu yake yonse pageti la ku Kanengo, mwalowa m'munda wa eni ake, ndipo nayonso izisokonezedwa ndi mafoni a anthu odutsa. Musanalipire, funsani a MACRA mafunde ndi mphamvu zololedwa, ndipo wogulitsa akuonetseni pepala loti mtundu wa chipangizocho unavomerezedwa. Matagi a pachitsulo nawonso ambiri amachunidwira dera limodzi; a ku America pa reader ya ku Ulaya amayankha ndithu, koma pafupi kwambiri kusiyana ndi zomwe zalembedwa pabokosi.

Kwa katundu, ntchito yeniyeni imayamba matagi asanafike n'komwe. Yendani chipinda ndi chipinda ndi kaundula amene alipo, muone chinthu chilichonse ndi maso: dzina lake, nambala ya kufakitale, chipinda chomwe chimakhala, ndi munthu amene anachisainira. Apa ndi pamene zimaululika kuti maprinta ena analembedwa kawiri, ena anafa kalekale ali m'kontena kuseri kwa ofesi, ndipo mipando ina inasamuka ndi dipatimenti imene inatha. Mukamata matagi kaundula ali choncho, mwangogula njira yofulumira yopezera chisokonezo chomwecho. Sankhaninso zoyenera tagi. Sitika ya pakatoni imagulidwa masenti ochepa a dola mukaitanitsa zambiri, koma tagi yolimba ya pachitsulo imafika dola imodzi kapena kuposa, reader ya m'manja ndi madola mazanamazana, ndipo zonsezi zimafuna ndalama zakunja ndi msonkho wa MRA pamwamba. Mpando wa pulasitiki ukwanira ndi nambala ya penti. Malaputopu, mapampu, majenereta ang'onoang'ono, masilinda a gasi, zida za amakaniko ndi mafayilo amene amasowa tsiku lomwe akufunika, izo ndiye ziyenera tagi.

UHF imadana ndi zinthu ziwiri, chitsulo ndi madzi. Sitika wamba ikamatidwa pachitsulo, eriyo yake imasokonezeka moti siyankha ngakhale reader ili pomwepo. Pamafunika tagi yopangidwira pachitsulo, yokhala ndi kathovu kapena pulasitiki kunsi koitalikitsa pang'ono. Imeneyo chitsulo chimaithandiza m'malo moipha. Kabati ya mafayilo, silinda ndi jenereta ndi za gulu limeneli, ngakhalenso laputopu yooneka ya pulasitiki kunja, poti m'kati mwake muli chitsulo ndi batire. Madzi amamwa mafunde. Pa katoni ya madiripu, ya mankhwala amadzimadzi kapena ya zakumwa, tagi imatidwe pakona ya m'mwamba pomwe m'kati muli mpata wa mpweya. Makatoni a pakati penipeni pa paleti musawadalire kuti awerengeka. Ndi bwino kuika tagi imodzi yolimba pa paleti, kompyuta n'kusunga mndandanda wa zomwe zapakidwapo. Thupi la munthu nalonso ndi madzi, choncho khadi la UHF limene lili m'thumba la kumbuyo kwa buluku, reader ya kutsogolo siliona.

Kumata kumene anthu amakutenga mopepuka ndi kumene kumagwetsa matagi ambiri. Fumbi la Lilongwe la mu Ogasiti mpaka Okutobala limakhala pa chilichonse, ndipo guluu womatidwa pafumbi amagwira fumbilo osati katundu. Pukutani ndi sipiriti, dikirani paume, kanikizani tagi ndi chala kwa masekondi 30, ndipo musaiyese poisenda tsiku lomwelo chifukwa guluu wotere amalimba bwino pakatha tsiku limodzi mpaka atatu. Pa pulasitiki yamanyamanya, pa injini yotentha ndi pa zinthu zokhala padzuwa, guluu asiyeni. Gwiritsani ntchito sikuluu, riveti kapena lamba wa pulasitiki womangira mawaya. Gwirizanani malo amodzi omata pa mtundu uliwonse wa katundu kuti wowerenga asamafunefune. Tagi isabisike pakati pa kabati ndi khoma.

Tagi ya UHF ili ndi manambala awiri ofunika. EPC, imene nthawi zambiri imakhala ya mabiti 96, mumalemba nokha, ndipo aliyense wokhala ndi reader akhoza kuisintha ngati simunaitseke ndi pasiwedi. TID inawotcheredwa kufakitale ndipo siisinthika. Mipukutu ina ya masitika imabwera onse ali ndi EPC imodzi, ndiye mukamata musanalembe, reader imaona zinthu 500 ngati chinthu chimodzi. Lembani EPC yakeyake pa tagi iliyonse, sungani TID yake m'kaundula, tsekani. Polemba tsitsani mphamvu ya reader ndipo mpukutu wotsala uikidwe patali kapena m'bokosi lachitsulo, apo ayi mulemba nambala pa tagi yoyandikana nayo osadziwa. Pamwamba pa tagi pasindikizidwe nambala yowerengeka ndi maso komanso barcode, kuti tsiku limene reader yafa ntchito isaime.

Powerenga ndi reader ya m'manja, oyamba kumene amaika mphamvu pamapeto, 30 dBm, imene ndi watt imodzi, poganiza kuti ndiye ziyenda bwino. Zotsatira zake n'zakuti reader imawerenga kudutsa khoma la pulayiwudi kapena la bolodi, laputopu ya ofesi ya pafupi n'kulembedwa kuti ili m'chipinda chino. Powerenga chipinda ndi chipinda yambani cha pa 18 kapena 20 dBm n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka zonse za m'chipindamo ziyankhe koma za kunja zikhale chete, ndipo nambala imeneyo ilembedwe kuti aliyense azigwiritsa ntchito yomweyo. Kutsika ndi 3 dB ndi kudula mphamvu pakati. M'nyumba za malata ndi mashelefu achitsulo ngati za ku Kanengo muli vuto lina: mafunde amagunda chitsulo n'kubwerera, ndipo pomwe obwererawo akumana ndi opita amafafanizana. Funde la 866 MHz ndi lotalika pafupifupi masentimita 35, kotero malo akufa otere amapezeka motalikirana masentimita ngati 17. Tagi yabwinobwino ikhoza kukhala chete chifukwa chongokhala pamalo otero. Wowerenga asaime chilili. Aziyenda pang'onopang'ono akuyendetsa reader m'mwamba ndi m'munsi, uku akuitembenuza.

Reader yokhazikika pakhomo lotulukira katundu imafuna kudekha kuposa zonsezi. Zambiri zili ndi malo olumikizira maeriyo anayi: awiri mbali iyi, awiri mbali inayo, ina cha m'chiuno ina kupitirira mutu, zopendekera pang'ono m'kati. Sankhani eriyo ya circular, imene imawerenga tagi kaya yagona kaya yaima. Ya linear imafika patali koma imafuna tagi ikhale molunjika nayo, ndipo onyamula katundu sangasamale zimenezo. Waya wa ku eriyo akhale wamfupi ndi wokhuthala. Waya wopyapyala wa RG58 amataya pafupifupi theka la dB pa mita iliyonse pa mafunde amenewa, ndiye pa mamita 6 kapena 7 theka la mphamvu lathera m'njira. Jambulani mzere wachikasu pansi, mamita angapo kuchokera pakhomo, pomwe katundu wa tagi asamaunjikidwe, chifukwa paleti yongokhala pafupi imawerengedwa tsiku lonse ngati ikutuluka. Dziwaninso kuti reader payokha siidziwa ngati chinthu chikulowa kapena chikutuluka. Pamafunika kasensa ka kuwala mbali zonse ziwiri za khomo, kapena mizere iwiri ya maeriyo. Musanalipire gawo lomaliza kwa woika, dutsitsani katundu weniweni maulendo ambiri, pa forklift, pa wilibala ndi pamutu, pa liwiro limene anyamata amayendera Lachisanu madzulo lole ikudikira, osati pa liwiro la tsiku lachionetsero.

Ndipo khomo limeneli musalitenge ngati mlonda. Tagi yokulungidwa mu foyilo siyankha. Laputopu yopanikizidwa m'khwapa kawirikawiri siyankha. Tagi yosendedwa n'kumatidwa kunsi kwa desiki imayankha mokhulupirika mwezi ndi mwezi kuti laputopu ilipo, wakuba atayigulitsa kale. Pali masitika amene eriyo yake imaduka akasendedwa, ndipo ndi abwino, koma tagi yoduka imangokhala chete, siiliza belu. Chete ameneyo amaoneka pokhapokha wina akawerenga n'kufananiza ndi kaundula. Phindu lenileni la UHF, m'kuona kwanga, lili pamenepa: kuwerenga kumene kunkatenga sabata yathunthu kamodzi pachaka ma odita akamabwera kumatheka m'maola ochepa, ndiye mukhoza kuwerenga sabata iliyonse, chosowa n'kudziwika anthu akukumbukirabe amene analowa m'chipindamo. Wowerenga asakhale yemwe amasunga makiyi a chipindacho, ndipo mwezi uliwonse zinthu zingapo zosankhidwa mwachisawawa zionedwe ndi maso.

A m'zipatala awonjezerepo chenjezo limodzi. Kafukufuku amene anachitika ku Amsterdam n'kusindikizidwa mu magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2008 anayesa zipangizo 41 za odwala mwakayakaya pafupi ndi ma reader. Pa mayeso 123, zipangizo zinasokonezeka maulendo 34, ndipo 22 mwa amenewo anali oopsa, monga pampu ya mankhwala kuima. Pafupifupi theka la zosokonezekazi zinachitika reader ili pa mtunda wosapitirira masentimita 30. Reader ya UHF isayatsidwe pambali pa bedi la wodwala amene ali pa makina, ndipo amisiri a zipangizo za chipatala ayese kaye asanalole kuwerenga m'mawodi.

Tibwere kwa anthu. Makhadi otchipa a pakhomo ndi a 125 kHz a mtundu wa EM4100, ndipo khadi lotere limauza nambala yake reader iliyonse imene yalifunsa, popanda chinsinsi. Kamakina kokopera, kogulitsidwa poyera pa madola ochepa, kamawerenga nambalayo n'kuilemba pa khadi lopanda kanthu la T5577 m'masekondi owerengeka. Khadi losiyidwa padesiki nthawi ya nkhomaliro ndi lokwanira. MIFARE Classic ya 13.56 MHz ili ndi chinsinsi, koma akatswiri, kuphatikizapo a pa yunivesite ya Radboud ku Netherlands, anasonyeza mu 2008 kuti chimathyoka. Pageti la magalimoto pomwe pali mlonda, khadi lotchipa si vuto. Pa chipinda cha mankhwala, cha ma server kapena cha ndalama, ikani makhadi a DESFire EV2 kapena EV3 amene amagwiritsa ntchito chinsinsi cholimba chotchedwa AES, ndipo muumirire kuti reader iziwerenga gawo lotetezedwa la khadilo. Oika ena amaisiya ikungowerenga nambala ya pamwamba yotchedwa UID, imene imakopeka ngati ya khadi lotchipa lija, inu mutalipira mtengo wa khadi lodula. Onaninso komwe kuli relay, kaswitchi kotsegula loko. Timakina ta zonse m'kamodzi tomangidwa kunja kwa chitseko tili ndi relay m'kati mwake, moti munthu wa sikuludiraiva amamasula, n'kugunditsa mawaya awiri, chitseko pululu. Kunja kukhale reader yokha. Controller, makina amene amalamula loko kutseguka, ikhale m'kati, m'bokosi lokhoma. Ngati mukugula zatsopano, funsani za OSDP, njira yatsopano yolumikizira reader ndi controller, m'malo mwa Wiegand yakale ya mabiti 26, imene imatumiza nambala pawaya poyera ndipo ili ndi malo a manambala 65,536 okha pa khodi iliyonse ya malo, moti makhadi ogulidwa kosiyana amatha kufanana nambala.

Kuno kwathu chimene chimapha makina a pakhomo si akuba, ndi magetsi. Loko wa maginito wogwira chitseko ndi mphamvu ya makilogalamu 280 amadya pafupifupi theka la amp pa 12 V nthawi zonse, chifukwa amagwira pokhapokha pali magetsi. Mukaphatikiza controller ndi ma reader awiri mwayandikira amp imodzi. Batire la 7 Ah limene limabwera m'bokosi lingakusungeni maola asanu kapena asanu ndi limodzi likadali latsopano. Likamatheratu tsiku ndi tsiku nthawi ya kuthimathima kwa magetsi, silichedwa kufooka, ndipo kutentha kwa m'denga la malata mu Okutobala kumalimaliza: batire la mtunduwu moyo wake umadulidwa pakati pa madigiri 10 aliwonse opitirira 25. Likafa, chitseko chimangotseguka chokha pakati pa usiku popanda wodziwa. Lumikizani makinawa ku inverter kapena ku sola ya pamalopo, bokosi la batire likhale pozizira, ndipo miyezi itatu iliyonse zimitsani dala magetsi ake muone kuti likupirira maola angati. Pa zipinda zosungiramo zinthu zodula ndi bwino loko amene amakhala wokhoma magetsi akathima, wokhala ndi chogwirira chotsegula kuchokera m'kati ndi kiyi wa pangozi. Pa makomo othawira moto ndi mosemphana: atseguke magetsi akathima, ndipo pakhale kabokosi kobiriwira koswa galasi kodula magetsi a loko mwachindunji, osadzera mu controller. Lamulo la chitetezo ndi umoyo pa ntchito la 1997 limafuna kuti antchito akhale ndi pothawira moto ukabuka, ndipo khadi silichotsa udindo umenewo. Waya wa loko akhale wokhuthala, 1.5 mm² ngati mtunda ndi wautali, apo ayi ma volt amathera m'njira loko n'kumagwira mofooka. Mawaya opita kugeti lakunja aikidwe zoteteza ku mphenzi dzinja lisanayambe.

Wotchi ya controller muziyiyang'ana. Makina ambiri ochokera ku China amabwera ali pa nthawi ya kwawo, imene ili patsogolo ndi maola 6 kuyerekeza ndi yathu, ndipo kabatire ka CR2032 kosunga nthawi kakatha, magetsi akangothima deti limabwerera zaka zambiri m'mbuyo. Lipoti la mwezi wonse limasanduka bodza, ndipo zimadziwika tsiku lokonza malipiro.

Pa kulemba nthawi yofikira kuntchito, khadi limanena kuti khadi lafika. Mmodzi wotsika minibasi msanga kuchokera ku Area 25 akhoza kugunditsa makhadi a anzake atatu amene akadali pa mzere wa magalimoto. Anti-passback, lamulo loti khadi lolowa silingalowenso lisanatuluke, imathandiza pokhapokha pali chipata chozungulira chodutsa munthu mmodzimmodzi; pa chitseko wamba anthu amatuluka motsatana wina atawatsegulira, mawa lake makina n'kuwakaniza kulowa, mlonda n'kutopa nazo n'kuika mwala pachitseko. Ena amathawira ku makina a zala, koma zala za omanga, onyamula matumba ndi osankha fodya zimafufutika mizere moti makina amazikana. Chimene chimagwira bwino pa mtengo wochepa ndi khadi lokhala ndi chithunzi, kamera yoloza pa reader, ndi kapitawo amene nthawi zina amafananiza mayina a pakompyuta ndi nkhope zimene zilipo.

Alonda ali ndi zawozawo. Timabatani ta RFID timakhomedwa pa ngodya za mpanda, mlonda n'kumazungulira ndi kandodo kowerengera, m'mawa n'kukatsitsa zonse pakompyuta. Chinyengo chake n'chodziwika: timabatani timazulidwa n'kusungidwa m'kanyumba ka pageti, mlonda n'kumatigunditsa ali pampando. Chimaonekera pa nthawi. Ngati kuchoka pa batani la kugeti kufika la kuseri kwa nyumba ndi ulendo wa mphindi zinayi, koma lipoti likuti masekondi asanu, palibe amene anayenda. Yezani nthawi yoyenda pakati pa mabatani tsiku lowakhoma, muwakhome ndi sikuluu zosamasuka wamba, ndipo lipoti liwerengedwe ndi munthu m'mawa uliwonse. Koma musalamule kuti azizungulira pa ola lenileni usiku wonse, chifukwa wakuba amene wakhala kunja kwa mpanda masiku awiri waloweza kale ndondomekoyo. Komanso mlonda mmodzi amene mwamupatsa mabatani 20 oti awagunde theka la ola lililonse, popanda tochi yowala kapena jekete la mvula, ndiye kuti mwamuphunzitsa nokha kuzula mabatani.

Kudziwa komwe munthu ali m'nyumba mphindi iliyonse kumafuna matagi a batire, a Bluetooth kapena a UWB (mtundu wina wa mafunde a wailesi), amene amadziulutsa okha, ndi zolandirira zomangidwa m'zipinda zonse, chilichonse ndi waya wake wa netiweki ndi magetsi. Bluetooth imakuuzani chipinda, nthawi zina n'kuphonya n'kunena cha pafupi. UWB imalondola mpaka masentimita 10 kapena 30, koma mtengo wake ndi wina. Mabatire amatha pakapita chaka kapena zingapo malinga ndi kuchuluka kwa kuulutsa, ndipo amathera pamodzi poti anaikidwa tsiku limodzi. Zimenezi zili ndi malo ake: kuwerenga anthu amene atuluka moto ukabuka m'fakitale, batani loitanira thandizo la namwino wa usiku, kuchenjeza woyendetsa forklift kuti kuseri kwa shelefu kuli munthu. Zoika tagi pa kalaliki kuti muone mphindi zimene wakhala kuchimbudzi, ine sindiona chimene bwana amapindula koposa chidani. Ku France, bungwe loteteza zinsinsi za anthu la CNIL linalengeza mu Januwale 2024 chindapusa cha mayuro 32 miliyoni kwa kampani ya Amazon yoyendetsa nyumba za katundu m'dzikomo, chifukwa makina a m'manja owerengera katundu ankalemba ngakhale timphindi timene wantchito waima.

Malamulo athu nawonso salola kuti muzingotola chilichonse. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, ndipo lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, limene MACRA ndiyo ikuliyang'anira, limafuna kuti wotola uthenga wa munthu akhale ndi chifukwa chomveka, amuuze mwini wake, atole zokhazo zofunika pa chifukwacho, azisunge motetezeka ndipo asazisunge mpaka kalekale. Mndandanda wa nthawi zimene mayi wakutiwakuti analowa ndi kutuluka ndi uthenga wa munthu. Lembani tsamba limodzi, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, lonena zomwe makina amalemba, pomwe pali ma reader, amene amaloledwa kuona malipoti, miyezi imene amasungidwa, ndi njira yodandaulira ngati makina alakwitsa. Kambiranani ndi komiti ya antchito kapena a yuniyoni makina asanakhomedwe. Pamsonkhano womwewo yankhani mafunso amene anthu amanong'onezana: kuti khadi limamva zolankhula, kuti limalondola munthu mpaka kwawo ku Chinsapo, kuti limapha mphamvu za abambo, kuti ndi chizindikiro cha 666. Musawaseke. Nkhani zoika kachipu m'thupi zilipodi, kampani ina ya ku Wisconsin ku America inabaya antchito ake ofuna okha m'manja mu 2017, ndipo anthu anazimva. Dulani khadi limodzi ndi sizasi pamaso pawo aone kawaya kozungulira ndi kachipu, kuti mulibe batire kapena maikolofoni, kenako muwaonetse pakompyuta mzere weniweni umene umalembedwa munthu akagunditsa.

Lipoti la makina lisakhale woweruza. Lamulo la ntchito la 2000 limati munthu asachotsedwe pa zifukwa za khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mwayi wodziteteza, ndipo limaletsa olemba ntchito kulipiritsa antchito chindapusa ngati chilango, ngakhale limalola kusalipira nthawi imene munthu wajomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka. Pulogalamu yodula yokha theka la tsiku chifukwa chochedwa mphindi 10 ikhoza kukufikitsani ku khothi la Industrial Relations. Kumeneko mukanena kuti khadi lake linatsegula sitolo 2 koloko usiku, mudzafunsidwa ngati khadilo silikopeka, ngati wotchi inali yolondola, ndi amene ali ndi mphamvu yosintha zolembedwa pakompyuta. Ngati pasiwedi ya admin ikadali ya kufakitale ndipo ofesi yonse imaidziwa, mulibe yankho.

Tsiku limene woika akupereka ntchito, asachoke asanasiye pasiwedi ya admin n'kuisintha inu muli pomwepo, makiyi a chinsinsi a makhadi a DESFire, chithunzi cha momwe mawaya ayendera, laisensi ya pulogalamu m'dzina la kampani yanu, ndi njira yotulutsira kaundula yense mu Excel. Popanda makiyi aja simungagule makhadi kwa wina aliyense koma iye. Funsani ngati zolembedwa zikusungidwa pa kompyuta yanu kapena pa server ya kunja kwa dziko, ndi chimene chimachitika pakhomo intaneti ikadula. Sungani reader ya pakhomo imodzi yapadera, power supply imodzi ndi matagi owonjezera, chifukwa kuitanitsa china ndalama zakunja zikusowa kumatenga miyezi. Ndipo a HR agwirizane ndi wosunga makina kuti munthu akasiya ntchito kapena akataya khadi, nambala yake izifufutidwa tsiku lomwelo, fomu yake yomaliza isanasainidwe.